Mpamba wa bizinesi ya mapulasitiki: ngongole ya boma, thandizo lothirapo kapena banki m'khonde?

Ife otolera mapulasitiki ku Luchenza, Bvumbwe, Chitakale mpaka ku Limbuli sitisowa katundu. Msika ukangoweruka, mabotolo, zigubu zobooka ndi mabeseni osweka amakhala mbwee m'ngalande. Chimatidya ndi mayendedwe. Mabotolo amadzaza lole mpaka kumanga ndi maneti, koma mukawaika pa sikelo ku Limbe makilogalamu ake amamvetsa chisoni, ndalama n'kuthera kwa mwini galimoto. Choncho tikamati tikuze bizinesi, tikunena makina awiri: otsindira mabotolo kukhala mabelo, ndi chigayo chophwanyira pulasitiki yolimba. Nanga ndalama yake ichokere kuti?

Ambiri maso ali pa NEEF, thumba la boma lomwe kale linkatchedwa MEDF mpaka pamene lidasintha dzina mu 2020. Ubwino wake ulipo: lidakhazikitsidwira anthu ngati ife, ogwira bizinesi zazing'ono, ndipo limakongoza magulu komanso munthu payekha. Koma anzanga, iyi ndi ngongole, ili ndi chiwongoladzanja, ndipo tsiku lobweza likakwana silifunsa ngati mvula yaononga makatoni anu. Maganizo aja oti "ndi ndalama za boma" ndiwo adagwetsa matumba a m'mbuyomu, ndipo amapweteka amene akubwera pambuyo. Ine ndimaona kuti ngongole yotere imayenera munthu amene ali kale ndi womugula wodalirika, amene akufuna ndalama yokwezera katundu wogula kwa otolera, kapena makina ang'onoang'ono otsindira ndi manja. Kugulira chigayo chachikulu ndi ngongole yoyamba kubwezedwa posachedwa n'kudzimangirira mwala m'khosi, chifukwa chigayo sichibweza mtengo wake m'miyezi yochepa.

Kubanki nako boma lidayesa kutsegula khomo. Mu 2020 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse idavomereza madola 86 miliyoni a pulojekiti ya FINES, yodzera ku Reserve Bank, kuti mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama azikongoza mabizinesi ang'ono ndi apakati. Ndalama zodzera njira imeneyi zimafuna bizinesi yolembetsedwa, akaunti yoyenda ndi mabuku olembedwa bwino, ndipo banki kawirikawiri imafunsa chikole. Wogula mabotolo pansi pa mtengo wa mango, amene malonda ake onse ali m'mutu, safika n'komwe pakhomo.

Njira imene ndimaikonda ndi thandizo lothirapo: inu mumasonkha gawo lanu, boma kapena abwenzi ake n'kuthirapo lotsalalo, ndipo gawo lawolo simubweza. Alimi amaidziwa bwino kudzera mu AGCOM, pulojekiti ya boma yothandiza magulu a alimi, momwe gulu limasonkha 30 pa 100 iliyonse. Imeneyo ndi ya alimi, koma kapangidwe kake ndi kamene kakuyenera makina athu, ndipo makhansala ndi aphungu athu a ku Thyolo ndi Mulanje tiziwauza momveka kuti otolera zinyalala nafenso tikufuna zotere. Makina amagulidwa kunja ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, amene adali ndi mtengo wa makina papepala adadzuka uli wina. Pa mtengo wotere, gawo losabweza ndilo limasiyanitsa bizinesi yopuma ndi yobanika.

Komatu thandizoli lili ndi minga yake. Silibwera tsiku limene mwalifuna. Amalengeza, mumalemba ndondomeko ya bizinesi, mumadikira, mwinanso osasankhidwa. Nthawi zambiri amafuna kopaletivi kapena kampani yolembetsedwa, osati munthu mmodzi. Ndipo kopaletivi yokhazikitsidwa usiku umodzi chifukwa chomva kuti kukubwera ndalama imatha ndi mikangano makina asanazizire. Gulu likhale loti lagulitsira kale limodzi, likudziwa amene amasunga sikelo ndi amene amalemba m'kaundula.

Pali china chimene ambiri amachiiwala pamene akulemba mapepala. Chigayo chenicheni chimafuna magetsi a three phase, monga a chigayo cha chimanga. Musanasainire chilichonse, pitani mukaone kuti thiransifoma ili patali bwanji ndi malo anu, mufunse a ESCOM mtengo wolumikiza. Pamafunikanso madzi otsukira, mipeni ya chigayo imafuna kunoledwa, ndipo katundu ayenera kukwana tsiku ndi tsiku. Mabotolo oyera, abwinobwino, amalimbiranidwa ndi amayi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira, omwe amagula limodzilimodzi pa mtengo woposa wa pa sikelo. Ofika kwa ife ndi ophwanyika ndi amatope. Apanso muyenera kuchotsa zotsekera, popeza ndi pulasitiki ya mtundu wina, ndi kupatula oyera kwa obiriwira, apo ayi wogula amatsitsa mtengo. Majumbo opyapyala musawawerengere pa ndondomeko yanu: malamulo a 2015 adaletsa osakwana ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa jumbo), khoti la Supreme lidagwirizana nazo mu 2019, ndipo kuwatsuka kumadya nthawi koposa phindu lake.

Banki m'khonde ndiyachangu, sifuna mapepala, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana. Koma ndalama yake ndi yochepa, imabwezedwa msanga ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mwezi. Ndi yogulira sikelo, matumba, magolovesi ndi katundu wa sabata imeneyo. SACCO, kopaletivi yosungitsa ndi kukongoza ndalama, ili pakatikati: mumasunga kaye, kenako n'kukongola molingana ndi masheya anu, ndipo mabuku ake amakhala umboni pamene mukupempha thandizo lalikulu. Za katapila ndiye musayese.

Kwa amene akutumiza lole imodzi pa mwezi, ndinganene kuti ayambe ndi makina otsindira, pa ndalama ya SACCO kapena ngongole yaing'ono, agawane lole ndi anzake a mumsewu womwewo wopita ku Limbe. Chigayo chidikire thandizo lothirapo, ndipo chikhale cha gulu, pamalo pomwe pali kale magetsi, monga pa Luchenza, pomwe katundu wa ku Thyolo ndi wa ku Mulanje angakumane.