Torch, iftop kapena ntopng: kupeza kompyuta imene ikuyamwa intaneti

Anzanga amene mumasamala netiweki m'maofesi ndi m'malabu a sukulu kuno ku Dedza, intaneti ikayamba kukwawa musathamangire kuloza munthu chala. Yambani mwapeza adiresi ya IP (nambala imene chipangizo chilichonse chimadziwika nayo pa netiweki) imene ikudya kwambiri. Koma dziwani kuti kompyuta yolumikizidwa pa switch (kabokosi kolumikiza makompyuta ndi mawaya) imaona zake zokha. Muyenera kuyang'anira pa rauta, pamene zonse zimadutsa, apo ayi muyatse port mirroring, imene imachititsa switch kukopera zodutsa n'kuzitumiza ku kompyuta yanu.

Ngati rauta yanu ndi MikroTik, ya ku Latvia ija, Torch muli nayo kale: ndi chida choonetsa zimene zikudutsa pa rauta nthawi yomweyo. Mu Winbox, pulogalamu yoyendetsera MikroTik, pitani pa Tools, kenako Torch, ndipo musankhe interface ya mkati, ndiye kuti khomo la rauta loyang'ana ku makompyuta anu. Mukasankha ya kunja, NAT imabisa makompyuta onse kuseri kwa adiresi imodzi, simudziwa kuti uyu ndi ndani. Mukaipeza IP yolusayo, yang'anani pa DHCP Leases, mndandanda wa ma adiresi amene rauta yagawa, kuti muone dzina la chipangizocho, n'kuchiikira malire ndi Simple Queue nthawi yomweyo. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ine ndimakonda Torch.

Amene rauta yawo ndi kompyuta ya Linux, iftop ikugwirirani ntchito yomweyo. Lembani sudo iftop -n -i ndi dzina la interface. Imaonetsa liwiro la pa masekondi 2, 10 ndi 40 apitawo, choncho mumasiyanitsa wongotsegula tsamba ndi amene akukoka fayilo yaikulu.

Vuto la ziwirizi n'lakuti sizisunga mbiri. Bandulo ikatha usiku, m'mawa sizikuuzani kanthu. Apa ndi pamene ntopng imapambana: mumaitsegula pa browser kudzera pa port 3000, ndipo mukaikonza bwino imakuonetsani amene anadya dzulo ndi mtundu wa zimene ankakoka. Imafuna kompyuta yosazima, ndiye ngati mulibe UPS (batire yosungira magetsi) kapena sola, magetsi akathima mbiri ija imakhala ndi mipata.

Pulogalamu ina, Wireshark, ilinso ndi Statistics, pamene pali Endpoints yoonetsa zimene adiresi iliyonse yadya, koma imagwira paketi (kachidutswa ka data) iliyonse n'kudzaza memory msanga. Isungeni pofufuza vuto lozama.

Nthawi zambiri mupeza kuti mwini kompyutayo sakudziwa n'komwe. Amakhala Windows Update amene wayamba yekha, kapena foni ya mlendo imene inapatsidwa pasiwedi ya Wi-Fi mwezi watha ndipo ikutumiza zithunzi ku Google Photos.