Kuyezetsa ndodo za gofu: pa Gymkhana kapena ku Joni?

Ife a ku Zomba ndodo zambiri timagula za kaunjika kapena kupatsidwa ndi abale, ndiye zoti zikugwirizana ndi msinkhu wako palibe amafunsa. Koma kuyezetsa nkofunika ndithu, oyeza amaona kutalika kwa shaft (thunthu la ndodo), ngati ikhale regular (yofewerapo) kapena stiff (yolimba), kukula kwa grip (pogwirira), ndi mmene mutu wa club (ndodoyo) ukukhalira pansi ukamamenya.

Pa Zomba Gymkhana Club sizifuna ndalama zambiri, umangopempha mkulu wosewera bwino aone swing (kamenyedwe) yako, nkubwereka ndodo za anzako nkumenya pa udzu weniweni. Ukamata tepi kunsi kwa iron (ndodo ya mutu wachitsulo) nkumenya pa thabwa, pomwe yakhulika pakuuza ngati club ikutsamira kutsogolo kapena kuchidendene. Koma zonse ndi za maso basi.

Ku Johannesburg mashopu akulu ali ndi makina ngati TrackMan, amawerenga liwiro la club ndi spin (kazunguliridwe ka mpira), mashaft oyesa ali mbwee, koma tikiti ndi malo ogona zimaluma aise, ndipo kumeneko nkokwera kuposa kuno, mpira umauluka patali ukamenyera panja.

Ngati mwangoyamba kumene khalani konkuno, swing yanu isinthabe. Ya ku Joni dikirani ulendo wa zina.