Atachimenti ya uphungu ku Mulanje: pa CDSS kapena ku bungwe?

Anzanga amene mukuphunzira psychology ku Zomba mwandifunsa mokwanira pa WhatsApp, ndiye ndiyankhe kamodzi. Ndinalawako konse kuwiri: CDSS ina chakufupi ndi Limbuli, ndi bungwe lina mwa aja anabwera namondwe Freddy atasakaza mu Marichi 2023.

Pa ndalama palibe mpikisano. Ku bungwe kuli alawansi ndi galimoto yopita kumidzi, pomwe pa CDSS kabaza ndi wa m'thumba mwanu. Wokuyang'anirani wodziwa ntchitoyi alinso ku bungwe. Kusukulu uphungu amangousenzetsa mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi ake.

Chimene sakuuzani za kusukulu ndi komiti ya disipulini. Mukangofika, ahedi amakuikanimo, ati inu ndi amene mumadziwa maganizo a ana. Mumamva kukoma, osadziwa kuti ntchito yanu yathera pomwepo. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene amayi a mother group anamubwezera kusukulu atabereka, ankabwera kwa ine m'chipinda chosungira mabuku, chifukwa ofesi ya phungu kunalibe. Anandiuza zakukhosi zomwe ngakhale mayi ake sankazidziwa. Atajomba masiku angapo anamuitanira ku komiti, n'kundipeza ndakhala pambali pa ahedi. Kenako ahedi, pamaso pa onse: "Aphungu, tatiuzani zomwe mwanayu amakuuzani." Ndinakana, koma kwa mwanayo zinali zitatha kale. Sanabwerenso, ndipo anzake anasiya kundipatsa moni. Ana amauzana msanga kuti uyu ndi kazitape wa aphunzitsi.

Ku bungwe zotere kulibe, chinsinsi amachisunga ndithu. Koma kumeneko mwana mumamuona lero, mawa muli sukulu ina chakwa Nkando, ndipo madzulo chimene mabwana amafunsa ndi chiwerengero cha ana amene mwalemba pafomu. Mnyamata amene amanjenjemera mvula ikamalira padenga la malata sangapole ndi kucheza kumodzi. Pulojekiti ikatha, nonse mumalongedza.

Ine ndingabwerere ku CDSS, ngakhale mkwiyo sunathe, chifukwa kumeneko mwana umamuona m'mawa uliwonse mpaka kudziwa tsiku limene wabwera wosadya. Koma tsiku loyamba lomwelo, musanaike chikwama pansi, pemphani ahedi mwaulemu kuti dzina lanu lisalowe mu komiti ija, ndipo zilembedwe m'kalata yanu ya atachimenti. Nambala ya 116, ya foni yothandiza ana amene ali pamavuto, muilembe pakhoma, ana aziimbira telemu yanu ikatha.