Lamba wa wotchi wosintha ndi chala: wakanjanji, wamaginito kapena wotamuka?

Mwezi wa Okutobala kuno ku Zomba, wotchi imene m'mawa inali bwinobwino imayamba kuluma dzuwa likafika paliwombo. Yendani wapansi kuchoka ku Chinamwali mpaka mumsika waukulu, mukavule: mupeza lamba wadinda timizere pakhungu ngati munagonera mphasa. Tsiku lomwelo mukwere ku Chawe madzulo, kamphepo kakuwombeni, wotchi ija iyamba kutsetsereka mpaka kugunda kafupa ka padzanja. Dzanja limafufuma kukatentha, limaphwa kukazizira. Ndi mamilimita ochepa chabe, koma chitsulo sichimva zimenezo.

Njira yakale yothinitsira kapena kumasula lamba mukuidziwa. M'mbali mwa chomangira, kachitsulo kotsekera lamba padzanja, muli tizibowo titatu kapena tinayi, ndipo kuti musunthe kapini ka sipuling'i mufunika singano. Ine kanga kanandipulumuka ndili pakhonde, kanadumphira mu kapinga, wotchi n'kugona m'kabati mpaka Loweruka pamene ndinakaipereka kwa bambo wina wokonza mawotchi mumsika. Chiyambire tsiku limenelo, ndikaona wotchi ndimayamba ndaitembenuza kuti ndione chomangira.

A Rolex ali ndi mitundu iwiri ya zomangira zosintha ndi chala. Easylink ndi kachidutswa kopindika kobisala mkati mwa chomangira. Mukakatambasula, lamba amatalika ndi mamilimita 5. Ndi pawiri basi, wothina kapena womasuka, pakati palibe. Glidelock ya pa Submariner ndi kanjanji ka mano pansi pa chomangira: mumatukula nsonga ya lamba, kuitsetsereza, n'kuidinanso kuti igwire. Imayenda mamilimita awiriawiri mpaka 20. Zabwino ndithu, koma 20 ameneyo anapangira munthu wovala wotchi pamwamba pa suti yomirira nayo pansi pa nyanja. Ife oyandikana ndi Chilwa, nyanja imene zaka zina imachita kuphwa, tikamira kuti? Ndiponso kanjanji katali kamafuna chomangira chachitali, ndipo padzanja lowonda chimakhala ngati thabwa.

Mtima wanga uli pa T-fit ya Tudor, imene inatuluka mu 2021. Ili ndi malo asanu, onse pamodzi mamilimita 8. Ya Omega pa Seamaster ndi yoyandikira, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo mumadina kabatani mkati n'kukoka. Muyeso umenewu ndiwo wa dzanja la munthu woyenda padzuwa, osati wa suti.

Musandiseke, ndikudziwa kuti ndalama za mawotchi amenewa munthu angakambe nazo za puloti ku Matawale. Ndawatchula chifukwa nzeru yake inafalikira. Makampani a ku China monga San Martin amaika kanjanji kofananako pa mawotchi otsika mtengo, ndipo zomangira zapadera zimagulitsidwa pa intaneti. Mukamaitanitsa, yezani m'lifupi mwa lamba pamene akulowa m'chomangira, osati pamene akugwira wotchi. Malamba ambiri amapita nachepa, kumutu mamilimita 20, kuchomangira 16 kapena 18. Mukaphonya apa mwataya ndalama. Wotchi yanga ndi ya kanjanji kotsika mtengo kameneka, ndipo masana ndimaivula, kusuntha dzino limodzi, n'kuvalanso minibasi isanadzaze.

Lamba wamaginito, uja wolukidwa ngati sefa amene mumaona pa Apple Watch ndi pa mawotchi ena olumikiza ku foni, pa kusintha ndiye katswiri. Alibe mano, alibe zibowo, pamene mwaima m'pomwepo. Koma wotsika mtengo amene ndinali naye ankamasuka yekha ndikakwera kabaza pamsewu wa mabampu, ndipo mu Juni ankakola ulusi wa juzi. Anzathu owotcherera zitsulo musayese n'komwe, maginito amatola tizitsulo tonse ta pa shopu. Komanso musamuike pa wotchi yoyenda popanda batire, chifukwa maginito akagwira kasipuling'i ka mkati wotchi imayamba kuthamanga.

Ena amati lamba wa Casio A158W amasinthika popanda chida. Ayi, akuluakulu. Chomangira chake chimatsetsereka inde, koma kachivindikiro kake mumakatukula ndi sikuludiraiva yaing'ono. Mukayesa ndi chikhadabo mulira. Za SmartLink ya Cartier, imene inabwera ndi Santos mu 2018, ndi nkhani inanso: mumadina kabatani n'kuchotsa chidutswa chathunthu. Zimathandiza tsiku logula, osati pamzere wa ku banki dzanja litafufuma.

Ndiye pali wa agogo, lamba wotamuka ngati mpira, amene a Speidel anatchuka naye ndi Twist-O-Flex kuyambira 1959. Ameneyu amadzisintha yekha, simumugwira n'komwe, ndipo ndi wotchipa kuposa onsewa. Ndimamupatsa ulemu. Koma amazula ubweya wa pamkono mmodzimmodzi, amasunga litsiro m'timipata, ndipo masipuling'i ake akatopa wotchi imangolendewera.

Wakanjanji nayenso ali ndi mdani: fumbi la chilimwe losakanikirana ndi thukuta. Limaumbika m'mano muja mpaka lamba kukana kuyenda. Mswachi wakale ndi madzi a sopo kamodzi pamwezi zimakwana. Ngati wotchi yanu simadziwana ndi madzi, nyowetsani chomangira chokha.

Ndipo mukapita kochotsetsa zidutswa za lamba, auzeni abambo okonzawo kuti ayeze kanjanji kali pakati. Ine poyamba anandiyeza kali kumapeto, m'mawa kukuzizira, ndipo kutatentha ndinapeza kuti mano onse otsala ndi othinitsa okhaokha. Ndinabwereranso mumsika ndi kachidutswa kanga m'kapepala ka shuga.