Maenje 9 kapena 18 kwa wongoyamba kumene gofu?

Munthu akazolowera kabwalo kakang'ono ka par 3 (komwe katswiri amayembekezeka kulowetsa mpira m'dzenje lililonse pomenya katatu), mtima umayamba kulakalaka bwalo lalikulu. Pamenepa pali njira ziwiri: kusewera maenje 9 okha, kapena kulimba mtima n'kumaliza onse 18.

Maenje 18 ndiye gofu yathunthu. Chiwerengerochi chinakhazikika potengera bwalo la gofu la St Andrews ku Scotland, komwe mu 1764 anachepetsa maenje kuchoka pa 22 kufika pa 18. Kukoma kwake n'kwakuti umakumana ndi zonse: maenje ataliatali a par 5, mchenga, madzi, mitengo. Koma amadya maola 4 kapena kuposa, ndipo ukamayenda wapansi chikwama cha ndodo chili kumsana, miyendo imalema. Ukatopa, mpira umangothawira m'tchire, pomwe malamulo amangokupatsa mphindi 3 zoufunafuna. Uku anzako akudikira kumbuyo, mtima uli phaphapha. Zimenezi zagwetsa ulesi anthu amene akanaikonda gofu, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Maenje 9 amatha pa maola awiri. Umachoka mutu uli bwinobwino, ukukumbukira pomwe unalakwitsa. Zotsatira zake zimawerengedwanso pa handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera.

Ine ndimalimbikitsa 9, makamaka poyambira pa malo omenyera akutsogolo, omwe amafupikitsa mtunda. Bwalo limene ndimalikonda kwa wongoyamba ndi la njira zotakata, la madzi ochepa, ndipo upiteko madzulo apakati pa sabata anthu atachepa.