Chitupa chobwereka sichidutsa: zomwe tikuona ku Lusaka pa nkhani ya kripto

Abale athu a ku Mchinji, Lilongwe, Dedza ndi konse komwe muli, ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chake ndalama yomwe mwana wanu wa ku Lusaka anati "ndatumiza" imatha sabata osafika, pomwe anakulonjezani kuti njira ya kriptoyi, ndalama za pa intaneti, siichedwa. Nthawi zambiri mwanayo sanadye ndalamayo ayi. Imakhala itamangidwa ku kampani yosinthitsa ndalama za pa intaneti, ndipo chaimanga ndi dzina.

Makampani monga Binance salola munthu kugula kapena kugulitsa Bitcoin ndi USDT (kripto yomwe mtengo wake umatsatira dola ya America) asanamudziwe. Kufufuza kumeneku amakutcha KYC, ndipo cholinga chake ndi kutsekereza anthu ofuna kubisa komwe ndalama zakuba, za ziphuphu kapena za mankhwala ozunguza bongo zachokera; kutsekerezaku amakutcha AML. Lamuloli silinayambire kuno. Bungwe la FATF, lomwe limaika malamulo amenewa pa dziko lonse ndipo likulu lake lili ku Paris, linagamula mu 2019 kuti makampani a kripto azitsata malamulo ofanana ndi a mabanki. Malawi ndi Zambia onse ali m'bungwe la ESAAMLG la ku Dar es Salaam lomwe limalondoloza malamulo omwewo kuno kwathu. Ku Zambia nkhanizi zimapita ku Financial Intelligence Centre, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Kwanuko ndi Financial Intelligence Authority, pansi pa lamulo la 2017. Binance inayamba kukakamiza aliyense kuonetsa chitupa mu 2021, ndipo mu November 2023 inavomera kulipira boma la America madola 4.3 biliyoni pa mlandu wolekerera ndalama zokayikitsa. Kampani yomwe yalipirapo chindapusa chotere simvera zoti "ndi mlamu wanga, timadziwana".

Poyambira ndi chitupa. Pulogalamu ya kampaniyo imafunsa zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza: dziko lomwe ukukhala, ndi dziko lomwe linapereka chitupacho. Mmalawi wokhala ku Chawama wokhala ndi pasipoti ya Malawi ayenera kulemba Zambia pa funso loyamba, Malawi pa lachiwiri. Akasemphanitsa, makina amayembekezera chitupa cha mtundu wina ndipo amakana. Pasipoti ndiyo imadutsa mosavuta chifukwa cha mizere iwiri ya zilembo 44 ili m'munsi mwa tsamba la chithunzi, yomwe kompyuta imawerenga yokha. Chala chikaphimba mzere umodzi, kapena kuwala kukagwera pamenepo, basi yakana. Kapepala kodutsira pa Mwami sikagwira ntchito. Chitupa cha unzika cha NRB chimalandiridwa m'makampani ena, koma yang'anani tsiku lothera ntchito lomwe lalembedwapo, chifukwa makina amawerenga tsikulo, sawerenga zolengeza za boma.

Reg, chitupa chomwe boma la kuno ku Zambia limapereka, ili ndi mavuto akeake. Ya nzika za Zambia ndi yobiriwira, ya anthu a maiko a Commonwealth ngati ife ndi ya pinki. Ndi pepala lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo ambiri anajambulitsa chithunzi chake ali ndi zaka 16. Bambo wa zaka 45, wadazi ndi ndevu, akaima pa kamera, kompyuta imakayikira ngati ndi mnyamata wa pa chithunzipo, makamaka reg ikakhala yoti inanyowapo m'thumba la buluku. Ikakana kawiri, pemphani kuti munthu weniweni aione m'malo momangobwereza, chifukwa makampani ena amakuimitsani kaye mukalephera kangapo motsatizana.

Vuto lalikulu lili ndi abale athu a m'malire. Alipo ambiri omwe mayi ndi a ku Chipata, bambo ndi a ku Mchinji, ndipo ali ndi zitupa za mbali zonse, china cholembedwa Mphatso, china Mpatso, chaka chobadwa chosiyananso. M'moyo wa tsiku ndi tsiku palibe amafunsa. Koma munthu akatsegula akaunti ndi chitupa china, n'kuiwala nambala yachinsinsi, n'kutsegulanso ina ndi chitupa chinacho, makina amaona nkhope imodzi pa anthu awiri. Ma akaunti onse awiri amatsekedwa, ndalama zili momwemo. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani chitupa chimodzi, chomwecho chikhale cha ku banki ndi cha SIM.

Kenako amajambula nkhope: tembenuzani mutu, phethirani, yandikirani. Izi n'zofuna kutsimikiza kuti pali munthu wamoyo, osati chithunzi chogwirizidwa pa kamera. Usiku malaiti atazima, pa kandulo, sizitheka. Chitani masana mutayang'ana ku windo, chipewa ndi magalasi mutavula, kamera mutaipukuta. Chitupa chijambulidwe chenichenicho, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Fotokope, kapena chithunzi chomwe wina wakutumizirani pa WhatsApp, amachizindikira.

Ofuna kusuntha ndalama zambiri amafunsidwa umboni wa komwe amakhala, kawirikawiri pepala losapitirira miyezi itatu. Apa ndi pomwe a m'komboni timagwira njakata. Ku Kanyama kapena ku Mtendere mita ya magetsi ya ZESCO imakhala m'dzina la landilodi, wobwereka nyumba amangogula ma units, madzi amatunga pa mpopi wa onse. Chomwe chimathandiza ndi sitetimenti ya ku banki yokhala ndi dzina ndi adiresi yanu, ndipo banki ya kuno idzafuna TPIN, nambala ya msonkho yochokera ku ZRA, bungwe la misonkho la kuno. Kusintha dzina pa bilu ya landilodi ndi kompyuta ndi kudzitchera msampha: kampani ikazindikira, nkhani siikhalanso ya adiresi, imasanduka ya chinyengo.

Tsopano pa malo pomwe ndalama zambiri zimakodwa. Ambiri kuno amagula USDT pa msika wa munthu ndi munthu, wotchedwa P2P. Kampani imasunga USDT ya wogulitsa, wogula amalipira makwacha pa Airtel Money, MTN MoMo kapena ku banki, wogulitsa akaona kuti zalowa amamasula. Lamulo lake ndi lakuti dzina la wolipira lifanane ndi dzina la pa akaunti ya kripto. Ife tinazolowera zina. SIM inalembetsedwa ndi msuweni chifukwa pofika kuno munthu analibe zitupa. Ndalama imaponyedwa ndi mtsikana wa pa booth. Mkazi amalipirira mwamuna wake. Kwa ife n'kuthandizana, kwa kampani ndi munthu wachitatu wosadziwika, ndipo wogulitsa wochenjera amakana n'kukasuma.

Kukana kwakeko si nkhanza. Mbava zili ndi njira yake: zimanamiza mayi wina kuti atumize ndalama pa nambala inayake, nambalayo n'kukhala ya wogulitsa USDT yemwe sakudziwa kanthu. Wogulitsa akuona ndalama yalowa, akumasula USDT kupita kwa mbava, mbava yasowa. Mayi uja akakadandaula, nambala yomwe ikuoneka kuti inalandira ndi ya wogulitsa. Akaunti yake imaumitsidwa, ndipo akhoza kukayankha mafunso ku polisi kapena ku Drug Enforcement Commission, yomwe kuno ili ndi nthambi yofufuza nkhani za ndalama zotere. Ndiye ngati mukugulitsa, dzina likasiyana musamasule. Bwezani ndalamayo ku nambala yomwe yachokera, ndipo zonse muzikambirana mkati mwa pulogalamu momwemo. Wokuitanirani ku WhatsApp akukuchotsani pomwe pali mboni.

Inu kumudzi gawo lanu ndi ili. Mwana akagulitsa USDT yake kuti alandire makwacha a Malawi, n'kupereka nambala ya Mpamba ya amalume kapena ya neba wa agogo, wabwerezanso cholakwa chomwe chija. Njira yoyera ndi yoti mmodzi wa inu, wokhala ndi chitupa chosatha ntchito ndi foni ya kamera yabwino, atsegule akaunti yakeyake, alandire USDT, agulitse yekha, makwacha agwere pa Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina lake. Potumiza kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, mwanayo akhoza kufunsidwa dzina la wolandira, chifukwa FATF imafuna kuti maina a mbali zonse aziyenda limodzi ndi ndalama. Malire omwe inaika ndi madola 1,000, koma maiko ena amafunsa ngakhale pa zochepa. Muuzeni dzina monga lalembedwera pa chitupa, osati "Nabanda" kapena "amake Chisomo". Mugwirizanenso za njira yomwe USDT idutse, chifukwa njira iliyonse ili ndi mtundu wake wa adiresi yolandirira ndalama: adiresi ya TRC20 imayamba ndi T, ya ERC20 imayamba ndi 0x, ndipo ndalama yotumizidwa pa njira yolakwika kawirikawiri siibwerera. Yambani ndi madola 10, muone kuti afika.

Ngakhale zitupa zili bwino, ndalamayo nayo imafufuzidwa. Anthu amaganiza kuti kripto ilibe mapazi, koma kusuntha kulikonse kumalembedwa poyera, ndipo makampani monga Chainalysis ndi Elliptic amagulitsa zida zolondolera komwe ndalama yadutsa. USDT yogulidwa motchipa kwa munthu wa pa Cairo Road yemwe simumudziwa ikhoza kukhala yoti inadutsa kwa akuba kapena pa adiresi yoletsedwa. Ikalowa mu akaunti yanu, yonse imamangidwa, ndi yanu yolungama yomwe. Ikaola imodzi zaola zonse. Tether, eni ake a USDT, nawonso ali ndi mphamvu youmitsa ndalama pa adiresi.

Makina amayang'ananso kachitidwe. Munthu wolemba kuti ndi telala, koma mwezi umodzi n'kudutsitsa ndalama za anthu khumi a ku mpingo omwe amawatumizira mwaulere, amaoneka ngati njira ya mbava. Chimodzimodzi wogawa ndalama yaikulu m'tizidutswa kuti asafunsidwe: kugawako ndiko chinthu choyamba chomwe makina anaphunzitsidwa kugwira. Maina amayerekezedwanso ndi mndandanda wa anthu oletsedwa ndi wa andale ndi abale awo. A Banda, a Phiri ndi a Tembo ndife ochuluka zedi mbali zonse za malire, choncho kuimitsidwa chifukwa chofanana dzina ndi nduna si zachilendo. Tsiku lobadwa ndi lomwe limakulekanitsani.

Akaunti ikaumitsidwa, wantchito wa kampaniyo sakuuzani chifukwa chenicheni, ndipo kumutukwana n'kutaya nthawi. Lamulo limamuletsa kuulula ngati nkhani yanu yatumizidwa kwa ofufuza. Chomwe adzapempha ndi umboni wa komwe ndalama inachokera: pepala la malipiro, sitetimenti ya banki, malisiti a katundu wooda ku Kamwala, kalata ya abwana. Amene amasunga mapepala amatuluka msanga. Amene amathamangira kutsegula akaunti ina m'dzina la mkazi wake pa foni yomweyo amakokera mkaziyo m'dzenje lomwelo. Pa Facebook pali odzitcha omasula ma akaunti omwe amapempha nambala yachinsinsi kapena kodi yobwera pa SMS. Amenewo akufuna zotsalazo.

Achinyamata muwachenjeze za anthu opereka kandalama kuti "ungojambulitsa nkhope, akauntiyo tigwiritsa ife". Zonse zodutsa mmenemo zimalembedwa pa dzina la mwini nkhope. Mudziwenso kuti Bank of Zambia inalengeza mu 2018 kuti kripto si ndalama yovomerezeka yolipirira, ndipo Reserve Bank of Malawi inanena zomwezo mu 2019, kotero ikamangidwa kapena kubedwa simungakagogode ku banki yaikulu kuti ikubwezereni. Ndalama ya maliro, ya chipatala kapena ya fizi yofunika mawa lomwe, muuzeni mwanayo aitumize pa Mukuru kapena pa banki, makamaka ngati akaunti yake ya kripto ndi yatsopano ndipo sinafunsidwepo mapepala.