Pulogalamu ya 42 poyesera kawongoleredwe ka zombo za mapiko onjenjemera

Munthu amene akulemba malamulo owongolera kumene setilaiti ikuloza amafunika kukhala ndi poyesera podalirika, chifukwa chombo chikangofika m'mlengalenga mwayi wokonza zolakwika umachepa kwambiri. Pa mapulogalamu aulere omwe alipo, ine ndimasankha 42, yomwe Eric Stoneking wa ku NASA Goddard Space Flight Center analemba m'chinenero cha pa kompyuta chotchedwa C.

Chimene chimandikopa ndi chakuti 42 sinamizira kuti chombo ndi cholimba ngati mwala. Setilaiti ya mapanelo aatali a sola ikatembenuzidwa, mapikowo amapindika n'kuyamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumabwerera m'thupi la chombo mpaka masensa kumakuwerenga. Telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble inavutika ndi zimenezi kuyambira mu 1990, popeza mapanelo ake ankagwedezeka ikamalowa kapena kutuluka mumthunzi wa dziko lapansi, kufikira pamene anasinthidwa mu December 1993. Mu 42 chombo chimamangidwa ndi zigawo zingapo zolumikizidwa ndi mfundo, chilichonse cholimba kapena chopindika, ndipo masamu a kayendedwe kake amatsatira njira ya Thomas Kane, katswiri wa masamu a kayendedwe ka zinthu.

Kwa wopanga chiwongolero chodzisintha chokha, apa ndiye pagona phindu. Chiwongolero chotere chimayerekeza kagawidwe ka kulemera kwa chombo uku chikuuluka, poti mafuta amanka natha, koma chikhoza kusokoneza kunjenjemera kwa mapiko ndi kusintha kwenikweni kwa kulemera, n'kuwonjezera mphamvu ku ma reaction wheel (mawilo ozungulira m'kati mwa chombo omwe amachitembenuza) m'njira yokulitsa kugwedezeka komweko. Ndimapatsa dala chombo choyeseracho manambala osiyana ndi omwe chiwongolero chikuganiza, kenako ndimaona ngati chikhazikika. Pulogalamu yoyesera thupi lolimba lokha ikanandiuza kuti zonse zili bwino.

Komabe 42 si ya munthu wothamanga. Zonse zimakonzedwa m'mafayilo a mawu, monga Inp_Sim.txt, ndipo manambala a kapindikidwe ka mapiko muyenera kubwera nawo nokha kuchokera ku pulogalamu ina yowerengera kulimba kwa zipangizo. Zitsanzo za ziwongolero zomwe zilimo ndi zosavuta, choncho lamulo lodzisintha mudzalilemba nokha mu C. Zithunzi zake za OpenGL (njira yojambulira zithunzi pa kompyuta) n'zongokwanira kuonera mmene chombo chikutembenukira, ndipo pa ntchito imeneyi sindifuna zoposa pamenepo.